Pakamwa Potseka M'makatuni: Kusanthula Creature Comforts

Anthu ambiri akamaonera katuni amaponya maso pa amene akuyankhula. Ngati milomo ikugwirizana ndi mawu, amati wojambulayo ndi katswiri. Komatu muyeso umenewu ndi woperewera pamene ampangankhani awiri kapena atatu aima pamodzi m'chithunzi chimodzi. Pamenepo luso lenileni limaonekera pa amene akumvetsera, yemwe pakamwa pake mpotseka.

Tiyambe taona kulemera kwa ntchitoyi. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Kawirikawiri mawu amajambulidwa poyamba, kenaka amaphwanyidwa liwu ndi liwu pa pepala, kuti wojambula adziwe chithunzi chimene milomo iyenera kutsekeka. Maliwu monga m, b ndi p amafuna milomo igundane, ndipo ikapanda kutero woonera amazindikira msanga ngakhale sangathe kufotokoza chavuta. Tsono oyankhula akachuluka, aliyense amafuna mzere wakewake pa pepalalo, ndipo ntchito imachulukanso.

Pofuna kupeputsa mtolowu, ena adadulira njira. Katuni ya ku America yotchedwa Clutch Cargo, ya mu 1959, inkangomata milomo ya munthu weniweni pa nkhope yojambula yosasuntha. Nayo kampani ya Hanna-Barbera, popanga The Flintstones kuyambira mu 1960, inkasiya thupi lili chiimire nkumangoyendetsa pakamwa ndi mutu. Njirayi idapulumutsa ndalama ndi nthawi, koma mtengo wake udagwera womvetsera: nthawi zambiri amangoima ngati chipilala, nkumaphethira, kudikira kuti nthawi yake yoyankhula ifike. Zikatero timamva anthu akulandizana mawu, koma sitiona anthu akucheza.

Apa mpamene Creature Comforts imaonetsa kusiyana. Kafilimu aka, ka mphindi zisanu zokha, kadapangidwa ndi Nick Park ku Aardman mu mzinda wa Bristol ku England mu 1989, ngati gawo la mndandanda wotchedwa Lip Synch wa pa wailesi ya kanema ya Channel 4. Mawu ake sadalembedwe ngati sewero. Adachokera kwa anthu wamba amene adafunsidwa mafunso, ndipo mayankho awo adaikidwa m'kamwa mwa nyama zoumbidwa ndi dongo lofewa, zokhala kumalo osungirako nyama. Wophunzira wina wa ku Brazil wodandaula za kuzizira ndi kuchepa kwa malo adasanduka chilombo chotchedwa puma. Mu 1991 kafilimuka kadapata mphotho ya Oscar.

Gawo loyenera kulipenyetsetsa ndi la banja la zimbalangondo zoyera. Popeza mawuwo ngochokera m'macheza enieni, muli kudodoma, kubwereza ndi kusakasaka mawu, zinthu zimene mlembi wa sewero akadazifufuta. Park adaziumba zonsezi pa milomo. Koma chachikulu nchakuti pamene chimbalangondo chimodzi chikuyankhula, zinzake sizifa. Zimatembenuza maso, zimayang'ana woyankhulayo, zimasuntha thupi. Woonera amazindikira yekha kuti ili ndi banja, wamkulu ndi uyu, mwana ndi uyu, popanda wina kumuuza.

Sitikunena kuti njirayi ilibe msampha. Womvetsera akachulutsa zochitika kumbuyo, amaba maso a woonera, ndipo mawu a woyankhula amangopita ndi mphepo. M'kafilimuka muli malo ena pomwe nthabwala za kumbuyo zimatiseketsa mpaka kuiwala kumva zomwe zikunenedwa kutsogolo. Ena angati nthabwala yagona pomwepo, koma wojambula wosakhwima akatengera zimenezi mosasamala amabala chipwirikiti. Diso limatha kutsatira pakamwa pamodzi pokha pa nthawi imodzi, choncho wojambula ayenera kusankha pomwe akufuna tiyang'ane.

Masiku ano mapulogalamu a pa kompyuta amatha kumva mawu nkuyendetsa okha milomo. Chimene sangasankhe ndi maganizo a womvetsera: akugwirizana nazo, akunyansidwa, kapena akubisa chinsinsi? Phunziro limeneli likutikhudza ifenso olemba zisudzo ndi nkhani zazifupi. Tidakula tikudziwa kuti nthano siyenda ngati omvera asiya kuvomera kuti ali tonse. Mpangankhani amene wakhala chete akadali m'nkhanimo, ndipo mlembi akamuiwala, macheza onse amazilala.