Amene Anagwira Kamera Anaima Pati?

Taphunzira kale kuti colembedwa ciliconse cili ndi amene anacilemba. Kalata ikabwera timafunsa kuti yacokera kwa yani. Koma cithunzi sitimacifunsa. Timangoti, "Ndaona ndi maso anga," basi nkhani yatha. Komatu cithunzi naco cili ndi mwini wake. Munthu wina anagwira kamera. Anasankha poima. Anasankha amene alowe ndi amene atsale kunja. M'phunziro lino tiona zinthu ziwiri zimene zimakonda kutikoka maso: cikuto ca revista, imene ena amati magazini, ndi kanema wa nyimbo.

Cikuto ndi tsamba lakunja. Nchito yake ndi kuitana wogula, monga nthoci zakupsa zimene mai amaika pamwamba pa dengu sitima ikaima pa Cuamba. Dzina la revista limakhala kumtunda kuti lioneke ngakhale ataunjika ambiri. Pansi pa dzinalo amaika nkhope imodzi yaikulu, kawirikawiri yoyang'ana inu amene mukudutsa. Mau amakhala ocepa ndipo malemba ake ndi aakulu. Munthu wosadziwa kuwerenga angathe kulephera mauwo, koma nkhope ija imamugwira.

M'dziko lathu la Moçambique revista imene inachuka kwambiri ndi Tempo. Inayamba kutuluka mu 1970 ku Lourenço Marques, mzinda umene tsopano ndi Maputo, ndipo inkatuluka sabata iliyonse. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa anali wojambula zithunzi dzina lake Ricardo Rangel, amene anabadwa mu 1924 namwalira mu 2009. Mnzake pa nchitoyi anali Kok Nam. Kuti timvetse nchito ya wojambula wabwino, tiyeni tione zithunzi ziwiri za Rangel.

Coyamba anacijambula mu 1957, Tempo isanayambe. Ndi zitseko ziwiri za zimbudzi. Pa citseko cimodzi analembapo kuti Homens, ndiye kuti amuna. Pa cinzake analembapo kuti Serventes, ndiye kuti anchito. Werengani mau awiriwo pang'onopang'ono. M'Cipwitikizi mau akuti homem amatanthauza mwamuna, amatanthauzanso munthu. Tsono wakuda wogwira nchito pamenepo, polowa ku cimbudzi cake, ankawerenga tsiku ndi tsiku kuti iye sali m'gulu la anthu. Rangel sanafune cikoti kapena magazi kuti ationetse utsamunda. Anangoima patsogolo pa zitseko, pamene mau onse awiri akuoneka limodzi. Akadasuntha pang'ono n'kujambula citseko cimodzi cokha, nkhani yonse ikadatayika. Kwa ine ici ndi cimodzi mwa zithunzi zopambana za dziko lino, ndipo cimakoma kwambiri kwa munthu amene wangophunzira kumene malemba, cifukwa amene sawerenga amangoona zitseko.

Caciwiri ndi ca mu 1973, ku Changalane, kumwera kwa dziko. Ndi nkhope ya mnyamata woweta ng'ombe. Pamphumi pake pali cipsera cooneka ngati nambala 8. Bwana wake anamuoca ndi citsulo camoto cosindikizira ng'ombe, cifukwa ciweto cina cinasowa. Apa Rangel anafika pafupi zedi. Mnyamatayo sakuoneka ngati kanthu kakang'ono ka kutali pakati pa ng'ombe. Mukuonana naye nkhope ndi nkhope, monga mmene mumaonera mwana wanu mukamufunsa cimene camucitikira. Nzosadabwitsa kuti boma la atsamunda linaletsa zithunzi zambiri za Rangel kuti zisatuluke.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Pa nthawi imeneyo, mwa anthu 10 aliwonse, oposa 9 sankadziwa kuwerenga, ndipo Tempo inkalembedwa m'Cipwitikizi. Conco kwa anthu ambiri a kumudzi cithunzi ndico cinali revista yonse. Nkhope imene inkaoneka kawirikawiri m'zaka zimenezo ndi ya Presidente Samora Machel. Akuluakulu a m'kalasi muno akukumbukira: yunifomu, ndevu, ndi cala coloza m'mwamba. Mtsogoleri akamalankhula pa nsanja, wojambula amakhala pansi, ndipo kamera imayang'ana m'mwamba. Yesani kukhala pamphasa n'kuyang'ana mwana amene waimirira. Ngakhale mwana amaoneka cimphona. Anthu omvera aja amajambulidwa kucokera pa nsanja, mitu yambirimbiri ngati mapira m'munda, wopanda ndi mmodzi yemwe wodziwika dzina.

Sindikunena kuti zithunzi zimenezo zinali zabodza. Misonkhano inacitikadi, ndipo cimwemwe ca ufulu cinali ceniceni. Tempo inalinso ndi tsamba la makalata pamene owerenga ankadandaula poyera za zinthu zosayenda bwino. Koma manyuzi a nthawi imeneyo anali m'manja mwa boma ndi cipani, ndipo anali ndi zimene sankaika kunja. Ife a ku Niassa tili ndi citsanzo pakhomo pomwe. Mu 1983 kunali Operação Produção. Anthu zikwizikwi amene ankati alibe nchito anatengedwa m'mizinda, makamaka Maputo ndi Beira, n'kudzatulidwa kuno. Ambiri sanadziwe kugwira khasu, sanamve cinenero, ndipo ena anafera kuno kutali ndi abale ao. Manyuzi ankafotokoza zimenezi ngati nchito yomanga dziko. Amene anawapatsa nsima ndi madzi anthu amenewa anaona zina, ndipo zimenezo sizinali nkhani ya pa cikuto. Kamera inalipo, ojambula aluso analipo, koma wosankha tsamba lakunja anali wina.

Zithunzi zoyenda nazo zinayamba cimodzimodzi, m'manja mwa boma. Bungwe la Instituto Nacional de Cinema linkapanga kanema wa nkhani wochedwa Kuxa Kanema. Kuyambira 1981 ankatuluka sabata iliyonse, wa mphindi 10, ndipo magalimoto ankayenda naye m'midzi kukaonetsa pa nsalu usiku. Televizioni inayambanso mu 1981, koma poyamba inkaoneka ku Maputo kokha. Kale pang'ono, mu 1978, kunabwera katswiri wa kanema wa ku France, Jean-Luc Godard. Iye anali ndi ganizo loti anthu wamba apatsidwe makamera kuti azidzijambula okha. Ganizolo silinapite patali.

Lero cimene Godard ankalota cili m'thumba la mdzukulu wanu. Foni imajambula, imasunga, imaonetsa. Kanema wa nyimbo timamuona m'mabaraka a pamsika, m'nyumba zoonetsera vidiyo, ndi m'mafoni a anyamata pa mseu wocoka ku Cuamba kudzera Mandimba ndi Ngauma mpaka ku Lichinga. Nyimbo zina zimacokera ku Maputo ndi ku Nampula, zina ku Tanzania ndi ku Nigeria, ndipo zambiri za Cinyanja zimalowera pa malire a Chiponde kucokera ku Malawi.

Coyamba kudziwa ndi cakuti mu kanema wotere woimba sakuimba pamenepo. Nyimbo anaijambula kale m'cipinda cotseka. Tsiku la zithunzi amaitsegula pa sipika, iye n'kumangotsatira ndi milomo. Amabwereza kambirimbiri, pamalo osiyanasiyana, kenaka munthu wina amadula tizidutswa pa kompyuta n'kutilumikiza. Ncifukwa cake mumamuona ali pa gombe, mukaphethira ali m'nyumba yosanja, malaya asintha, koma liu silinaduke. Galimoto yonyezimira ija nthawi zambiri ndi yobwereka kapena yolipira tsiku limodzi. Nyumba nayonso. Palibe colakwa kubwereka, ngakhale pa ukwati timabwereka mipando. Vuto limabwera pamene mnyamata wolima thonje aonera zimenezi tsiku ndi tsiku, n'kuyamba kuona munda wa atate ake ngati cinthu camanyazi.

Tsopano yang'anitsitsani poima kamera. Mwamuna woimba amajambulidwa kucokera pansi, monga mtsogoleri pa nsanja paja. Amaoneka yense, mutu mpaka nsapato, ndipo dzina lake limalembedwa pa ciyambi. Nanga atsikana ovina? Kamera imayamba ndi miyendo, ipite m'ciuno, ibwerere. Nkhope imabwera mocedwa, mwina osabwera konse. Dzina palibe. Nyama ndiyo timaigawa conco pamsika, mwendo apa, nthiti apo. Amai, kuvina ndi ciuno si kwacilendo kwa ife, ndipo sindikudzudzula gule. Pabwalo timaona munthu wathunthu, timadziwa kuti uyu ndi mwana wa auje, ndipo akavina bwino timamufupa pomuchula dzina. Amene wadula mutu ndi wogwira kamera. Onaninso khungu. Ndi magetsi owala ndi kompyuta, munthu wakuda bii amatuluka woyererako. Mtsikana woonera sadziwa zimenezi. Iye amangoona kuti okongola onse ndi oyera, ndipo mafuta oyeretsa khungu ali pa benchi pamsika womwewo.

Makanema a makwaya ndi ena. Ndalama zao n'zocepa, kamera imakhala imodzi, ndipo nthawi zina zithunzi zimagwedera. Koma anthu amaima mzere, nsalu zofanana, nkhope zonse zikuoneka: agogo, mai wa mwana kumsana, mnyamata wa besi kumapeto. Kamera imaima molingana ndi maso ao. Pa cifukwa cimeneci ndimawakonda kuposa aja a magalimoto. Komabe ndili nalo funso. Bwanji makwaya ambiri amakaima pa kapinga wa hotela, pa maluwa a eni ake, kapena patsogolo pa nyumba imene sanalowemo ndi kale lonse? Chalichi cao ca njerwa zosaocha, cimene anamanga ndi manja ao, amacibisa. Nthenda yake ndi yomwe ija ya galimoto yobwereka, kungoti yavala yunifomu ya kwaya.

Kuno ku Niassa kwathu kuli oimba amene anayenda njira ina. Gulu la Massukos linayamba ku Lichinga mu 1994, ndipo dzina lao analitenga ku cipatso ca masuku. Mtsogoleri wao, Feliciano dos Santos, anadwala poliyo ali mwana. Atakula anayambitsa bungwe la Estamos, limene linagwira nchito ya madzi ndi zimbudzi ku Lichinga ndi ku Mandimba. Massukos amaimba m'zinenero za kuno, ndipo nyimbo yao ina yodziwika ndi Tissambe Manja. Ankafika pamudzi ndi magitala, anthu n'kusonkhana kudzavina, ndipo gule akatha nkhani inali ya cimbudzi cothira phulusa ndi dothi, cimene pambuyo pake cimapereka manyowa a kumunda. Cimbale cao ca Bumping cinatuluka mu 2007 ndipo cinamveka mpaka ku Ulaya. Mu 2008 dos Santos analandira mphoto ya Goldman ku America.

Taonani kuti cimbudzi cabweranso. Rangel anaima pa khomo la cimbudzi kuti aonetse cipongwe ca atsamunda. Massukos anaimba za cimbudzi kuti ana asafe ndi matenda a m'mimba. Wogulitsa revista sangaike cimbudzi pa cikuto, ndipo woimba wofuna kuoneka bwana sangaime pafupi naco. Koma anthu a kutali amene anamva za Niassa kudzera mwa Massukos anamva za Niassa weniweni, ndipo sanatiseke.

Acinyamata a ku Cuamba ayamba kujambula nyimbo zao ndi mafoni, ndipo ena ali ndi luso ndithu. Cimene cimandidandaulitsa n'cakuti ambiri amathamangira kufuna galimoto ya munthu kuti atsamirepo, pamene mapiri a Mitucué ali kumbuyo kwao osalipira kanthu. Sitima ya ku Nampula ikamalowa, amai ogulitsa akuthamanga ndi madengu pamutu, ndi cithunzi cimene ku Lagos alibe. Cioda ndi mganda za kunyanja zili ndi mizere ndi masitepe okwanira kudzaza kanema yense, ngati wojambula aima molingana ndi ovina n'kuleka kudula gule pakati.

Mdzukulu akadzabwera ndi foni kuti akujambuleni mukupeta mpunga kapena mukuimba pamtondo, mufunseni kumene cithunzico cikupita. Muuzeni akhale pansi monga mwakhalira inu, kuti kamera isakuyang'anireni pamutu. Ndipo popeza tsopano mukudziwa kulemba dzina lanu, muuzeni alilembe pansi pa cithunzico, inu muone ngati walilemba bwino.