Mazenera Osongoka a ku Kawale

Munthu woyenda pansi m'malokeshoni a mzinda wa Lilongwe, kuchokera ku Kawale kudzera ku Biwi mpaka ku Area 23, kapena kutsidya kwa mtsinje ku Chinsapo, savutika kuzindikira nyumba yopemphereramo ngakhale itakhala yopanda chikwangwani. Chimene chimaiulula ndi mazenera ake. Mazenera a nyumba zogonamo, a magolosale ndi a sukulu amakhala a ngodya zinayi, koma a matchalitchi ambiri amakwera molunjika, kenaka n'kupindikira m'kati mbali zonse ziwiri mpaka kukumana pansonga ngati mauta awiri otsamirana. Mmisiri wowotcherera zitsulo wa ku Biwi kapena ku Mgona akauzidwa kuti akonze mawindo a tchalitchi, safunsanso kuti akhale ooneka bwanji.

Kamangidwe kameneka sikadayambire ku Lilongwe, ndipo si Baibulo limene lidakalamula. N'koyenera tsono kufunsa kumene kadachokera, ntchito imene kankagwira kwawoko, ndiponso ngati kakugwirabe ntchitoyo pakhoma la njerwa zootcha lofoleredwa ndi malata. Funsoli si lachabe, pakuti ndalama zomangira matchalitchi amenewa zimachokera m'matumba a anthu ogulitsa tomato, oyendetsa kabaza ndi alonda a usiku.

Zenera losongoka ndi chizindikiro cha kamangidwe kotchedwa Gothic, kamene kadayamba m'dziko la France. Tchalitchi cha Saint-Denis, pafupi ndi mzinda wa Paris, chimene mkulu wa amonke dzina lake Suger adachikonzanso pakati pa zaka za 1140 ndi 1144, ndicho chimatengedwa ngati chiyambi chake. Amisiri a nthawi imeneyo adali ndi vuto lalikulu. Denga la miyala ndi lolemera, ndipo limakankhira makoma kunja. Khomo kapena denga lopindika ngati uta umodzi limakankha kwambiri cham'mbali, choncho limafuna makoma ochindikala a timazenera tating'ono. Amisiriwo adapeza kuti uta wosongoka umatsitsira kulemera kochuluka pansi. Kulemera kotsalako adakulandira ndi zipilala zomangidwa kunja kwa khoma, zimene zimalichirikiza monga mmene mphanda imachirikizira nthochi yolemedwa ndi mkoko. Chifukwa cha nzeru imeneyi, makoma adatalika, adapyapyala, ndipo malo ambiri adasanduka mazenera a magalasi amitundumitundu olowetsa kuwala m'dziko limene dzuwa lake limasowa miyezi yambiri. Kusongokako sikudali kukongoletsa chabe. Kudali yankho la funso la mmisiri.

Patapita zaka mazana angapo, anthu a ku Ulaya adatopa nako kamangidweka. Ophunzira a ku Italy ndiwo adakapatsa dzina loti Gothic mokanyoza, poganizira mtundu wa a Goth umene iwo ankauyesa wosachangamuka. Koma zakale zili ndi chizolowezi chobwerera. Kuyambira mu 1749, Mngelezi wina wolemera, Horace Walpole, adayamba kusandutsa nyumba yake ya Strawberry Hill kuti ioneke ngati linga la mafumu akale, yokhala ndi nsanja ndi mipata yoponyera mivi, ngakhale kuti padalibe mdani woti aponyeredwe muvi. Nyumba ya malamulo ya ku Westminster mu mzinda wa London itapsa mu 1834, Charles Barry ndi Augustus Pugin adaimanganso m'kamangidwe komweka. Kuchokera apo matchalitchi, makhoti, masukulu ndi masiteshoni a sitima adayamba kusongoka mazenera ku Britain ndi m'maiko amene Angelezi ankalamulira.

Pugin yemweyo ndiye adasiya muyeso umene uli wothandiza poweruza nyumba za mtundu uwu. M'buku lake la mu 1841 adaphunzitsa kuti nyumba isakhale ndi chiwalo chopanda ntchito, ndipo kuti chokongoletsa chizikometsa chiwalo chimene chikugwira kale ntchito, osati kubisa bodza. Mlembi wina, John Ruskin, adaonjezapo kuti ubwino wa Gothic udali paufulu wa mmisiri wogwiritsa ntchito mutu wake ndi manja ake, ngakhale ntchito yake ituluke yosasalala. Mfundo ziwiri zimenezi, choonadi cha nyumba ndi ufulu wa mmisiri, ndizo ziyenera kukhala sikelo.

Ku Malawi kamangidweka kadafika ndi amishoni. Chitsanzo choyamba chodziwika ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chidamangidwa kuyambira mu 1888 mpaka mu 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott wa mpingo wa Church of Scotland. Scott sadaphunzirepo zomangamanga, ndipo anthu a m'midzi yozungulira amene adagwira naye ntchito adali asadamangepo nyumba yotero. Njerwa zidaumbidwa ndi kuotchedwa pamalo pomwepo, m'zikombole zamatabwa za maonekedwe osiyanasiyana okwana 81. Tchalitchichi chili ndi zipilala zochirikiza makoma monga za Gothic, koma chilinso ndi madenga ozungulira ngati mphika wovundikira, amene ndi a kamangidwe kena, ndipo nsanja zake ziwiri zakumaso sizofanana. Katswiri wouma mutu angachitche chosakanizika. Komabe chaima zaka zoposa 130, ndipo kukongola kwake konse kudachokera m'dothi la pamalopo ndi m'manja mwa oumba njerwa. Pasikelo ya Ruskin, chimalemera kuposa matchalitchi ambiri osalala a ku Ulaya.

Chitsanzo chachiwiri chili pachilumba cha Likoma. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, adali okonda mapemphero a mwambo wakale, choncho adakondanso nyumba za maonekedwe akale. Ku Zanzibar adali atamanga kale tchalitchi chachikulu pamalo pamene padali msika wa akapolo. Atakhazikika pa Likoma mu 1885, adasankha malo otchedwa Chipyela, pamene ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Bishopu Gerard Trower adaika mwala wa maziko a tchalitchi cha St Peter mu 1903, wokonza mapulani adali Frank George, ndipo ntchito idatha mu 1911. Nyumbayi idayalidwa ngati mtanda, ndi yaitali pafupifupi mamita 100, ndipo ili ndi nsanja, makonde ndi mazenera a magalasi ojambulidwa monga matchalitchi akuluakulu a ku England. Koma miyala yake idaswedwa pachilumba pomwepo, ndipo denga lake si la miyala ayi, ndi lopepuka, lokhala pamitanda yamatabwa. Omangawo adatenga kwa Azungu chimene chikadatheka, nasiya chimene sichikadatheka.

Mbiri imeneyi ili ndi chilema chake chimene sichiyenera kubisidwa. Maina a Scott ndi George amakumbukika, koma a amuna ndi akazi amene adaswa miyala, kuponda dothi ndi kusenza madzi pamutu satchulidwa kawirikawiri. Komanso nyumba zimenezi zidaphunzitsa anthu, popanda mawu, kuti malo opatulika ayenera kuoneka ngati a ku Ulaya, ndipo kuti kachisi wa udzu ndi chinthu chochititsa manyazi. Njerwa idasanduka chizindikiro cha ulemu ndi mphamvu. Mbusa John Chilembwe adazindikira zimenezi pamene adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, chimene chidatha mu 1913. Boma la atsamunda lidazindikiranso, pakuti litagonjetsa kuukira kwa mu 1915 lidachigumula tchalitchicho. Nyumba yoima mwaulemu yomangidwa ndi munthu wakuda idali ulaliki umene silikadaulekerera.

Lilongwe ndi mzinda wa nthawi ina. Likulu la dziko lidasamukirako kuchokera ku Zomba mu 1975, ndipo maofesi a boma a ku Capital Hill adamangidwa mwamakono, a mizere yowongoka ndi mazenera a ngodya zinayi. Nyumba ya malamulo imene idatsegulidwa mu 2010, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China, nayonso ilibe chibale ndi ya ku Westminster. Choncho zenera losongoka silidalowe mumzindawu kudzera m'maofesi a boma. Lidalowa ndi anthu wamba amene adabwera kudzafuna ntchito, napatsidwa mapuloti ku Kawale, ku Area 23 ndi ku Area 25, kapena kudzipezera okha pokhala ku Chinsapo ndi ku Mgona. Aliyense adabwera ndi chithunzi cha tchalitchi cha kumishoni ya kwawo mumtima mwake, ndipo mlaga kapena mphakati utakula n'kufuna nyumba yakeyake, chithunzi chomwecho ndicho chidakhala pulani.

Apa ndipo pamene sikelo ya Pugin imaonetsa kupepuka. M'matchalitchi ambiri a m'malokeshoni, kusongoka kwa zenera sikunyamula kanthu. Pamwamba pake pamadutsa mtanda wa konkire ndi zitsulo, umene amisiri amautcha lintala, ndipo ndiwo umasenza khoma. Nsongayo imangokhala felemu yachitsulo yozingidwa ndi zidutswa za njerwa ndi pulasitala. Denga ndi la malata, losafuna uta uliwonse kuti liime. Chimene chidali fupa ku Saint-Denis chasanduka mphini zodzikongoletsera. Choipa kwambiri n'chakuti ziwalo zimene zikadathandizadi ndizo zimasiyidwa. Khoma lalitali mamita makumi awiri kapena atatu limamangidwa lopyapyala, nthawi zina ndi matope m'malo mwa simenti, popanda chipilala ngakhale chimodzi cholichirikiza, pamene kumaso kwa nyumbayo kwaima nsanja yodya njerwa zikwizikwi imene mulibe ngakhale belu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko la Malawi lili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka, monga zidachitikira ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, ndipo nsanja ya njerwa yopanda zitsulo ndiyo imayamba kugwa. Ngakhale popanda chivomezi, mvula ya mphepo imasasula denga losamangiriridwa bwino kukhoma.

Palinso nkhani ya nyengo. Gothic adabadwira kuitana kuwala m'dziko lozizira. Ku Lilongwe m'mwezi wa Okutobala chosowa si kuwala, koma mthunzi ndi mphepo. Mbali yosongoka ya zenera kawirikawiri imakhala ya galasi losatseguka, pamalo penipeni pamene mpweya wotentha ukadatulukira. Zotsatira zake aliyense amazidziwa: mpingo wonse kudzikupiza ndi mabuku a nyimbo, ana kulira, ndi okalamba kuwodzera ulaliki usadafike pakati.

Komabe kungakhale kupanda chilungamo kuwaseka Akhristu amenewa. Tchalitchi cha m'lokeshoni sichimangidwa ndi chuma cha mfumu kapena cha mabungwe a kunja monga zidalili kale. Chimamangidwa ndi zopereka za Pepa Sande, ndi thukuta la achinyamata oumba njerwa ndi amayi otunga madzi, mzere umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, potsata mawu oti mutu umodzi susenza denga. Pakati pa nyumba zothithikana, ngalande za madzi oipa ndi phokoso la mabala, zenera losongoka limanena kuti malo ano ndi osiyana ndi ena onse. Chilakolako chimenecho n'chimodzimodzi ndi cha Chilembwe, ndipo Pugin mwini adavomereza kuti nyumba iyenera kuoneka moyenera ntchito yake. Cholakwika si kufuna kukongola. Cholakwika ndi kutola chikopa cha kamangidweka n'kutaya nyama yake.

Nyamayo ikadalipo, ndipo ndi yotsika mtengo. Uta weniweni wa njerwa, womangidwa pa chikombole chamatabwa njerwa iliyonse itatsamira inzake, umasenza khoma popanda chitsulo kapena konkire, zinthu zimene mitengo yake imalemetsa mipingo. Zipilala zochirikiza khoma, zoikidwa motalikirana bwino, zimalimbitsa nyumba ndi njerwa zochepa kuposa za nsanja. Denga lokwera kwambiri, likapatsidwa mipata pamwamba, limatulutsa kutentha ndipo limamveketsa bwino nyimbo za kwaya. Khonde lalikulu limateteza khoma ku mvula ndi kupatsa anthu pokhala. Ngakhale njerwa yootcha, imene idali nzeru m'masiku a Scott pamene mitengo idali yochuluka, lero iyenera kuganiziridwanso. Mauvuni a njerwa ali ndi gawo lawo pa kutha kwa mitengo mozungulira mzinda, ndipo mu 2018 boma lidaika lamulo loletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pantchito zomanga za boma ndi zamalonda. Njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsinderedwa ndi makina, zimatha kumanga uta bwino lomwe.

Pa zokongoletsa, palibe chifukwa chodikira za ku Ulaya. Ku Mua m'boma la Dedza, malo a zaluso a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher adawayambitsa mu 1976, adaonetsa kuti osema a Chichewa, Chingoni ndi Chiyao angathe kukometsa zitseko, maguwa ndi mitanda ndi zithunzi za moyo wa anthu a kuno. Amisiri otero alipo ambiri mu Lilongwe, koma makomiti a zomanga amawakumbukira mochedwa, ndalama zitathera pansanja.

Cholowa chenicheni cha ku Blantyre ndi ku Likoma si maonekedwe a zenera. Ndi khalidwe la omanga amene adayang'ana dothi, miyala, nyengo ndi manja amene adali nawo, namanga molingana nazo. Mpingo wa ku Area 25 kapena ku Chinsapo umene ungayambe wafunsa za maziko, mpweya ndi kulimba kwa khoma usadafunse za nsanja, udzakhala wotsata amisiri a ku Saint-Denis mokhulupirika kuposa umene wangokopera nsonga. Zenera lake likhoza kusongoka kapena ayi. Likasongoka, lisenze khoma.