Mudzi ngati woweruza m'buku la Sula

Sula ndi buku lachiwiri la nkhani yopeka la Toni Morrison, ndipo linatuluka mu 1973. Limasimba za atsikana awiri, Nel Wright ndi Sula Peace, okulira ku Bottom, dera la anthu akuda pamapiri a tawuni yopeka ya Medallion ku Ohio. Mitu yake ndi zaka, kuyambira 1919 mpaka 1965.

Wowerenga wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, sachedwa kuizindikira nkhani ya mmene derali linayambira: mlimi wachizungu ananyenga kapolo wake pomupatsa malo ovuta kulima a paphiri, iye n'kutsala ndi chigwa chachonde. Ku Chiradzulu anthu amakumbukira thangata wa pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero. John Chilembwe, amene anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, anali atalionanso yekha tsankho la ku America pamene ankaphunzira ku Lynchburg, Virginia.

Komabe Morrison sawaika azungu pakati pa bwalo. Amaoneka mwa apo ndi apo: kondakitala wa sitima wonyoza mayi ake a Nel, mabwana okaniza anthu akuda ntchito yomanga msewu. Diso la mlembi lili pa zimene tsankho limachita m'kati mwa mudzi wopanikizidwawo.

Ubwenzi wa atsikanawa waumangira pa chinsinsi. Mu 1922, ali ndi zaka 12, Sula akuzunguza kamnyamata Chicken Little mosewera, kamwanako kanamupulumuka m'manja n'kumira mumtsinje, Nel akuonerera. Onse anakhala chete. Kuyambira pamenepo mlandu ndi wa awiri, koma mudzi udzatcha mmodzi wabwino, wina woipa.

Luso lalikulu likuoneka Sula atabwerako mu 1937, patatha zaka 10 ali kutali. Anakasiya agogo ake, Eva, kunyumba yosungirako okalamba, ndipo anagona ndi Jude, mwamuna wa Nel. Apa wosimba nkhani amabwereka pakamwa pa mudzi. Mphekesera amazindandalika mmene zimayendera pakati pa anthu, osanena kuti yoona ndi iti, kuphatikizapo yoopsa koposa kwa iwo, yoti Sula ankagona ndi azungu. Kenaka amaonetsa chimene oweruzawo sachiona. Chifukwa choopa Sula, akazi anayamba kusamala amuna awo, okalamba analemekezedwa, ndipo mayi wina wotayirira mwana anasanduka kholo lachikondi. Sula atamwalira mu 1940, zonsezi zinazilala. Ubwino wa mudzi unkatsamira pa munthu amene unkamuda. Anthu osowa mphamvu yolimbana ndi wowapondereza anapeza wina wapafupi womuloza chala, ndipo Morrison akulemba zimenezi mowamvera chisoni, osati mowanyoza.

Bukuli silimuyeretsa Sula. Iye anaonerera mayi ake, Hannah, akupsa ndi moto osachitapo kanthu, ndipo sanamvetse chifukwa chimene nkhani ya Jude inamupwetekera Nel. Chofooka chilipo: amuna ambiri m'nkhaniyi, monga Jude, amangodutsa osazama, kupatula Shadrack, msilikali wosokonezeka mutu ndi nkhondo yoyamba yapadziko lonse.

Mutu womaliza umatembenuza chiweruzo. Mu 1965 Nel apita kukaona Eva, ndipo gogoyo amuuza kuti pa imfa ya kamnyamata kaja panalibe kusiyana pakati pa Nel ndi Sula. Kenaka, akuchokera kumanda kumene Sula anaikidwa, Nel azindikira kuti zaka zonsezo ankalira Sula, osati Jude.