Mbande za Ana, Moto wa Akulu

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Mzimba kupita ku Mzuzu zaka makumi atatu zapitazo akukumbukira mdima wa nkhalango ya Chikangawa: mitengo ya paini yothithikana uku ndi uku, nkhungu, ndi kafungo ka utomoni. Lero tikamadutsa pomwepo maso athu amafika kutali, pakuti malo ambiri mwatsala zitsa ndi lupsa. Nkhalangoyi, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idakula kwambiri kuyambira m'chaka cha 1964, pamene boma lidafuna kumanga fakitale ya mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo siidamangidwe. Mitengo idakhwima, macheka adafika, moto nawo udafika, koma obzala adachepa.

Poona tsoka lotere, ambiri aika chikhulupiriro chawo pa makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene chiyambi chake ndi chaka cha 1947, lakhala likulimbikitsa makalabu otere kwa nthawi yaitali. Ntchitoyi njotamandika ndithu. Mwana amene wathira dothi m'machubu, nafesa mbewu, nathirira nazale m'mawa uliwonse, sayang'ananso mtengo ngati nkhuni chabe. Paja akulu adati kuwongola mtengo mpoyamba. Komabe, popeza ntchitoyi timaikonda, tiyenera kunena mosabisa pamene ikutsimphina.

Choyamba, tidazolowera kuwerenga mitengo yobzalidwa, osati mitengo yamoyo. Kuyambira m'chaka cha 1976 dziko lathu lidali ndi tsiku lobzala mitengo, pa 21 Januwale. Masiku ano tili ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Pa tsiku la mwambo pamakhala alendo olemekezeka, zolankhula ndi magule. Nanga pambuyo pake? Paini amafuna zaka pafupifupi 25 kuti apereke thabwa labwino. Mwana wa Sitandade 5 amene wawokera mbande chaka chino adzakhala ali ndi ana akeake mtengowo usanachekedwe. Adzaupalira ndani m'zaka zoyamba? Adzalambula ndani njira zotchinga moto udzu usanaume? Mwezi wa Ogasiti, pamene moto wolusa umayamba, ana amakhala ali pa tchuthi, ndipo munda wawo ulibe mlonda.

Chachiwiri, tasenzetsa ana katundu wa akulu. Si mwana wa sukulu amene amayatsa nkhalango chifukwa cha mkangano wa malipiro, kapena kutentha tchire kuti ng'ombe zipeze msipu wanthete. Si mwana amene amagula thumba la makala ochokera m'nkhalango ya Perekezi. Ogulawo ndife tomwe, a pa boma la Mzimba ndi a ku Mzuzu. Mwana akamva kwa aphunzitsi kuti moto umapha mitengo, madzulo n'kuona bambo wake akutenga machesi kukasaka mbewa, adzatsata phunziro liti? Kalabu imene makolo sadziwa nkomwe tsiku limene imakumana ikutunga madzi ndi dengu.

Chachitatu, timaphunzitsa ana kukonda nkhalango osawauza kuti mwini wake ndani. Anthu a m'midzi yozungulira Chikangawa adakhala zaka zambiri akuona malole a matabwa akudutsa pakhomo pawo. Mahekitala 20,000 a nkhalangoyi adabwereketsedwa ku kampani ya Raiply m'chaka cha 1999, ena ali m'manja mwa boma ndi mwa ocheka matabwa. Munthu satchinjiriza ndi mtima wonse chinthu chimene sadyapo kanthu. Chikhalirecho lamulo la nkhalango la m'chaka cha 1997 limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yakeyake ndi komiti yoisamala. Kalabu ya pa sukulu ikadalumikizana ndi komiti yotere, ana akadaona kuti mitengo yawo idzapereka madesiki, milimo ya denga ndi nkhuni zophikira phala. Akadaphunziranso kusunga masuku ndi mitengo ina yachilengedwe, imene imaphukanso yokha pa chitsa ngati tiitchinjiriza ku moto ndi ku mbuzi, pamene paini akadulidwa wapita.

Sitikunena kuti makalabu atheke ayi. Tikuti akulu alowemo. Inu makolo, funsani mwana wanu kumene adabzala mtengo wake, ndipo mupite naye mukauone. Mafumu ndi makomiti a sukulu agawane ntchito yolambula njira za moto mwezi wa Juni usanathe. Ndipo mwambo waukulu tiusamutse: tisonkhane mwezi wa Novembala, dzuwa litaphwetsa nkhwazi, tikawerenge pamodzi mbande zimene zapulumuka. Sukulu imene yabzala mitengo 200 n'kusunga 150 ndiyo ilandire mphatso, osati imene yabzala 2,000 n'kuiwala malo ake.