Munthu wa Masamba: Luso la Lois Ehlert

Ku Wisconsin, kumpoto kwa dziko la America, mitengo imasintha maonekedwe pakati pa Sepitembala ndi Novembala. Masamba amafiira, ena amachita chikasu, kenako amayoyoka chisanu chisanafike. Ojambula mabuku a ana ambiri amaonetsa nyengoyi ndi penti. Lois Ehlert, yemwe anabadwira m'chigawochi mu 1934, anatenga njira ina m'buku lake la Leaf Man, lomwe linatuluka mu 2005. Iye ankatola masamba enieni, n'kuwajambula pa makina a fotokope asanafote, kenako n'kusanja zithunzizo kuti zipange munthu, ziweto ndi mbalame.

Luso lagona pakuti tsamba silibisala. Likasanduka nkhuku, bakha, ng'ombe kapena nsomba, mitsempha yake imaonekabe, ngakhalenso timadontho tosonyeza kuti layamba kuuma. Mwana amaona ziwiri nthawi imodzi, bakha ndi tsamba, ndipo amayenera kupenyetsetsa kuti apeze pomwe pali mlomo ndi pomwe pali phiko. Bukuli silimuuza mwana kuti nyengo yasintha. Limamupatsa umboni kuti adzionere yekha.

Mapeji nawonso anawadula mokhotakhota chakumtunda, moti akasanjikizana amaoneka ngati zitunda ndi mapiri akutali. Mwana akatembenuza peji, chitunda chimodzi chimachoka, dera lina n'kutseguka. Munthu wa masamba uja alibe cholinga, amangopita komwe mphepo yam'kankhira, choncho dzanja la mwanayo ndi limene likuyendetsa ulendowo.

Chofooka chilipo. Nkhani yake ndi yopyapyala: palibe vuto loti lithetsedwe, ndipo mwana wofunsa chifukwa chimene masamba amafiirira sapeza yankho. Zophunzitsa za mtengo Ehlert anaziika m'buku lina, Red Leaf, Yellow Leaf la mu 1991, lomwe limatsata moyo wa mtengo wa maple. Mu Leaf Man anangolemba mayina a masamba mkati mwa chikuto.

Komatu kupyapyalako n'kumene kumasiyira maso mpata. Mawu akanachuluka, mwana akanamangomvera wowerenga, osafufuza zithunzi. Bukuli linapata mphoto ya Boston Globe–Horn Book mu 2006, koma mlingo wabwino woliyezera ndi wina: kodi mwana akalitseka amatuluka panja kukatola masamba kuti apange nkhuku yakeyake? Zipangizo zake n'zaulere, ndipo zimapezeka pansi pa mtengo uliwonse umene wayoyola masamba.