Ulemu kwa ofufuza madandaulo okhudza apolisi

Kufufuza wapolisi ndi ntchito yofuna mtima wolimba, ndipo amene amaigwira moona ndimawathokoza ndi mtima wonse. Lamulo la Apolisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha la Independent Complaints Commission, n'kulipatsa mphamvu yofufuza imfa kapena kuvulala kwa munthu ali m'manja mwa apolisi. Padapita zaka pafupifupi 10 lisanayambe ntchito, koma lero lilipo.

Luso lawo limaonekera pa tinthu ting'onoting'ono. Wofufuza amatsegula buku la OB, lomwe apolisi amalembamo zochitika pa siteshoni, n'kuona ola lomwe munthu adalowa m'chitokosi, yemwe adasaina, yemwe adali pa kauntala usiku umenewo. Kenako amafananiza zimenezo ndi lipoti la dokotala. Mayi akamafotokoza zoopsa zomwe adachitidwa, zonga nkhanza zomwe amayi a ku Msundwe adadandaula kuti apolisi adawachitira mu 2019, wofufuzayo amatchera khutu osamudula mawu, osamufunsa ngati kuti wolakwa ndi iyeyo. Wapolisi wodandauliridwayo amamvedwanso, poti si dandaulo lililonse limakhala loona.

Boma liwapatse ndalama, magalimoto ndi maofesi m'maboma onse, kuti madandaulo a anthu akumudzi asamathere panjira.