Dzina pa Mtengo, Nkhope pa Kapu

Alendo ocheza ku nkhalango ya Kuti, kufupi ndi boma la Salima, akatha kuona mbidzi ndi mphalapala kaŵirikaŵiri amatsikira ku Senga Bay, kumene osema ziboliboli amayala malonda awo m'mbali mwa msewu. Pakati pa malondawo pali kanthu kakang'ono kokolekapo makiyi, kosemedwa ngati chambo, ng'ona kapena mapu a Malaŵi, kamene mmisiri amazokotapo dzina la munthu wodzalandira mphatsoyo. Masiku ano kanthuka kapeza opikisana nako: kapu, tisheti ndi nsalu zodindidwa ndi makina, zimene chithunzi chake chimatumizidwa pa WhatsApp, ndiponso matabwa olembedwa ndi moto wa laser. Tiyenera tsono kuweruza mwachilungamo mitundu iŵiriyi ya mphatso.

Tiyambe ndi ubwino wa makina, pakuti ulipo ndithu. Kale nkhope yodindidwa pa chitenje inali ya akuluakulu okha. Fakitale monga ya David Whitehead ku Blantyre inkadinda nsalu zambirimbiri nthaŵi imodzi, motero amene ankaonekapo anali anthu onga Kamuzu Banda, kapena Papa Yohane Paulo Wachiŵiri pamene anadzacheza m'dziko muno mu 1989. Lero banja wamba likhoza kuika nkhope ya agogo awo omwalira, kapena ya mwana wawo wolandira unsembe, pa malaya khumi okha. Ulemu umene unali wa mafumu wafika kwa anthu osauka, ndipo sitingaunyoze. Tisaiŵalenso kuti kusema kuli ndi mlandu wake: phingo amakula pang'onopang'ono, akusoŵa m'nkhalango zathu, ndipo kuyambira 2017 malonda ake a kunja akulamulidwa ndi pangano la CITES.

Komabe tikaziyang'anitsitsa zodindidwazi, tipeza kuti zambiri n'zofanana ngati mapasa. Maluŵa ndi omwewo, timitima tofiira ndi tomweto, mawu achingerezi oyamikira ndi omwewo. Chosintha ndi dzina lokha. Kodi chinthu chimasanduka cha munthu chifukwa chakuti dzina lake lalembedwapo? Ngakhale khadi la kuchipatala lili ndi dzina, koma palibe amalitcha mphatso. Wosema uja amafunsa kalembedwe ka dzinalo, amasankha kachidutswa koyenera kutalika kwake, amazokota chilembo chimodzichimodzi ndi kampeni, nkupukuta ndi polishi wa nsapato mpaka kuŵala. Chilembo china chimapendama pang'ono, ndipo kupendamako ndiko umboni wakuti munthu wina anataya nthaŵi yake chifukwa cha mnzake. Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Choikidwacho si mtengo kapena dongo ayi, koma ubale.

Sitikunena kuti chilichonse chosemedwa ndi manja n'chabwino. Njovu zikwizikwi zofanana zosemedwa mothamangira alendo zili ndi matenda omwewo a makina. Chitsanzo choyenera tichipeza ku Mua, kumwera kwa Salima, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976. Amisiri a kumeneko anaphunzira kuyang'ana nkhope ndi miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao asanagwire sompho. Luso lawo linayambira pa kudziŵa anthu.

Muyeso wathu tsono ndi uwu: kodi wopanga ndi wopereka anamdziŵa wolandirayo? Kapu yokhala ndi chithunzi chosankhidwa mwachikondi ndi mawu a chinenero chathu iposa chiboliboli chogulidwa mosaganiza. Koma parishi kapena sukulu ikafuna kuthokoza munthu amene waitumikira zaka zambiri, ichita bwino kutumiza chithunzi chake pa foni kwa mmisiri wa kunyanja, kumpatsa nthaŵi yokwanira, kumlola kusema pa mtengo wosasoŵa, ndi kumlipira mosanenerera. Foni ikhale mthenga, ntchito ikhale ya dzanja.